Funso Likalakwa, Wolakwa Ndani?

Pa teremu yathayi ndidaperekeza ana anayi a pa sukulu yathu ya sekondale ku mpikisano wa mafunso umene udachitikira m'holo ina kuno ku Mulanje. Tidanyamuka m'bandakucha, nkhungu ikadali yophimba minda ya tiyi, ndipo anawo ankabwerezabe maina a malikulu a maiko njira yonse, ngati kuti ankaopa kuti nzeruzo zingakhuthuke m'mabampu a msewu. Adali atakonzekera kwa milungu isanu ndi umodzi. Pofika chigawo chotsiriza cha mpikisanowo, sukulu yathu idali patsogolo ndi pointi imodzi yokha, ndipo funso lomaliza, la mapointi aŵiri, lidagwera mtsikana wathu wa Fomu 3, mwana wofatsa amene kwawo ndi kufupi ndi Likhubula, m'tsinde mwenimweni mwa phiri.

Funsolo lidafunsidwa m'Chingerezi monga mwa mwambo wake, koma tanthauzo lake lidali ili: kodi m'Malaŵi muno muli malo angati amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa malo ofunika kusungidwira dziko lonse lapansi? Mtsikanayo sadachedwe. Adati, "Atatu." Wofunsa adayang'ana pa pepala lake, napukusa mutu, naliza belu. Funsolo lidaperekedwa kwa anzathu a mbali inayo, ndipo mnyamata wawo adati, "Aŵiri." M'holomo mudamveka kuomba m'manja ndi nthungululu, ndipo chikho chidapita kwawo.

Tsono choona chake ndi ichi. Malo oyamba kulembedwa m'kaundulayo adali paki ya Nyanja ya Malaŵi ya ku Cape Maclear, m'chaka cha 1984. Achiŵiri adali mapanga a zojambula zamakedzana a ku Chongoni, ku Dedza, m'chaka cha 2006. Kwa zaka pafupifupi makumi aŵiri yankho lidalidi lakuti "aŵiri", ndipo mabuku ndi timapepala ta mafunso tidalemba chomwecho. Koma m'mwezi wa Julaye 2025, pa msonkhano umene udachitikira ku Paris, bungwelo lidaonjezapo malo achitatu, ndipo malowo ndi phiri la Mulanje lomweli, chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe akhala akulipatsa ngati malo a mizimu ya makolo. Mtsikana uja adamva nkhaniyi pa wailesi ali kwawo, phirilo likumuyang'ana pakhomo. Adamulephetsa pa funso lonena za phiri lakwawo, m'holo imene phiri lomwelo limaonekera pa zenera.

Ndidaimirira kuti ndidandaule. Mmodzi wa oŵeruza adandiyankha mwaulemu ndithu kuti chigamulo cha oŵeruza sichibwezedwa, ndi kuti lamulolo tidalivomera tonse mpikisano usadayambe. Adanena zoona; tidalivomeradi. Ndidakhala pansi. Sindikufuna kuti woŵerenga aganize kuti mnyamata wopambanayo adaba chikho, ai. Iyenso adaŵerenga, adaloŵeza zimene adapeza m'buku, ndipo adayankha mokhulupirika. Ana onse aŵiri adachita mbali yawo, ndipo amene sitidachite mbali yathu ndife akuluakulu.

Pobwerera, titapitirira pa boma, mtsikanayo adandifunsa motsitsa mau kuti anzake asamve: "Aphunzitsi, kodi ulendo wina ndizinena zimene zili zoona, kapena zimene zili pa pepala la wofunsa?" Ndidamuuza kuti tidzakambirana Lolemba. Kunena zoona, ndidalibe yankho.

Lolembalo nkhaniyi idafika m'chipinda cha aphunzitsi ine ndisadafike, ndipo mtsutso umene udabuka pa nthaŵi ya tiyi udatha milungu iŵiri. Amene adanditsutsa kolimba adali mphunzitsi mnzathu wachikulire, munthu amene adayamba kugwira choko ine ndisadabadwe, ndipo sindingapeputse mau ake. Iwo adati: "Achimwene, mpikisano ndi maseŵera, ndipo maseŵera ali ndi malamulo ake. Woimbira mpira akalakwitsa, chigoli chimakhalabe chigoli. Mukalola kuti yankho lililonse lizitsutsidwa, mpikisano wa maola aŵiri udzatha maŵa, ndipo adzapambana ndi amene mphunzitsi wake ali wolongolola." Adaonjezanso kuti iwo adakulira pa pologalamu ya Top of the Class ya pa wailesi ya MBC, pamene banja lonse linkazungulira wailesi kumvera ana a sukulu akupikisana, ndipo kuti phindu la mipikisano yotere nlakuti imapatsa ana njala ya kuŵerenga, ngakhale funso limodzi kapena aŵiri atakhota.

Pa mfundo ya njala ya kuŵerengayo ndidawavomereza ndi mtima wonse. Ndidaona ndekha ana anayi aja akulimbirana buku la mapu lothothoka masamba, ana amene kale sankaloŵa m'laibulale ngakhale mvula iwapitikitse. Komatu fanizo la mpira silikundikhutiritsa. Woimbira mpira amagamula chinthu chimene chachitika m'kuphethira kwa diso, ndipo sangachibwezere kuti achionenso. Wolemba mafunso amakhala ndi mwezi wathunthu, mabuku, anzake oti awafunse, ndiponso masiku ano intaneti ya pa lamya ya m'thumba mwake. Kulakwa kwake kumachitika iye ali pa mpando, mpikisano usadayambe. Chinanso, chigoli cholakwika sichiphunzitsa munthu bodza. Koma tsiku lija ana oposa zana adatuluka m'holo muja atamva kuchokera kwa akuluakulu ovala mataye kuti yankho loona nlabodza.

Chiyambire tsikulo ndakhala ndikufukula timabuku ta mafunso timene timasungidwa m'makabati a sukulu zathu, timene timakoperedwa chaka ndi chaka popanda wofunsa kumene tidachokera. Zambiri zimene ndapezamo ndi mayankho amene adali oona tsiku lina koma adaola ali m'kabati. Muli funso la chiŵerengero cha maboma a dziko lino, ndipo yankho lake ndi 24, pamene lero alipo 28. Muli dziko lalikulu koposa m'Africa, yankho nkukhala Sudan, chikhalirecho dzikolo lidagaŵika paŵiri m'chaka cha 2011 ndipo ulemuwo udapita kwa Algeria. Muli mapulaneti asanu ndi anayi, ngakhale akatswiri a zakuthambo adachotsa Pluto pa gululo m'chaka cha 2006. Mbendera yathu yomwe idasintha m'chaka cha 2010 nkubwereranso mwakale m'chaka cha 2012, kotero kuti kabuku kolembedwa pakati pa zaka ziŵirizo kamanena za dzuŵa loyera lathunthu limene mwana wa lero sadalionepo pa mlongoti. Paja akuluakulu adati tsabola wakale saŵaŵa. Mayankho otereŵa ngosavuta kuwachiza: munthu angofunika kulemba chaka pambali pa yankho lililonse, ndi kuliyesanso asadalitulutse pa bwalo.

Pano ndiyenera kuulula mlandu wanga, chifukwa si bwino kuloza chala dzanja lili lakuda. Ine kwathu si kuno, ndipo m'chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndidafunsa kalasi kuti phiri la Michesi lili m'boma liti. Yankho ndidalitenga m'buku lakale la mapu: Mulanje. Mnyamata wina adalemba kuti Phalombe, ine nkumuthetha ndi cholembera chofiira. Adabwera ku tebulo langa nati, "Pepani aphunzitsi, ine kwathu ndi komweko." Boma la Phalombe lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, buku langalo litasindikizidwa kale. Ndidambwezera malikisi ake, koma ndikukumbukira bwino kuti mumtima ndidaŵaŵidwa, ndipo ndidayamba ndafunafuna njira yoti ndikhalebe wolondola. Nchifukwa chake oŵeruza a tsiku lija sindiwada. Ndikudziŵa kulemera kwa kuvomera pamaso pa ana.

Koma alipo mafunso ena ovuta kuposa aŵa, amene chilema chawo sichili m'yankho koma m'funso mwenimwenimo. Tengani limene mwana aliyense wa kuno amaliyankha ali m'tulo: phiri lalitali koposa pakati pa Africa ndi liti? Tonse timati Mulanje, nsonga yake Sapitwa, mamita 3,002, ndipo timanena monyadira. Koma tatambasulani mapu a Africa muike chala pakati pake. Chala chanu chidzagwera ku Congo, ndipo m'malire a dzikolo ndi Uganda muli mapiri a Rwenzori, amene nsonga yake imafika mamita 5,109. M'malire ake ndi Rwanda muli Karisimbi, wa mamita 4,507. Nanga ife "pakati pa Africa" tidapatenga kuti? Tidapatenga kwa Angerezi. Kuyambira 1893 mpaka 1907 dziko lino linkatchedwa British Central Africa, ndipo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, chinkadziŵikanso ndi dzina la Central Africa. M'kati mwa malire a chitaganyacho Sapitwa adalidi mfumu, pakuti Nyangani wa ku Zimbabwe amalekeza pa mamita 2,592. Chitaganya chidatha, ndipo makolo athu adachikana mpaka ena kutaya miyoyo, koma mapu ake tikuwaphunzitsabe m'funso limeneli osadziŵa. Mwana amene angayankhe kuti Rwenzori adzalizidwa belu, chonsecho ndiye wayang'ana mapu.

Mbale wake wa funsoli ndi lija lotchuka: ndani adatulukira Nyanja ya Malaŵi? Pepala limati David Livingstone, m'mwezi wa Sepitembala 1859. Kuti Livingstone adafika pa nyanjayo nthaŵi imeneyo, palibe wotsutsa. Koma ngakhale pakati pa Azungu okhaokha iye sadali woyamba, pakuti wamalonda wina wa Chipwitikizi, Candido da Costa Cardoso, adafikako m'chaka cha 1846. Ndipo Livingstone adapeza midzi, mabwato ndi makoka; dzina lakuti Nyasa limene adalemba m'buku lake adalimva pakamwa pa anthu a komweko, ndipo tanthauzo lake ndi nyanja basi. Munthu satulukira chitsime chimene wapeza amayi akutungapo madzi. Funsoli likhoza kukonzedwa mosavuta, pongofunsa kuti Livingstone adafika liti pa nyanjayo. Tikalisiya monga liliri, timauza mdzukulu wa msodzi kuti agogo ake adaiona nyanja koma kuona kwawo sikuŵerengedwa.

Mphunzitsi wachikulire uja adandiseka pa mfundo imeneyi. Adati ndikusandutsa maseŵera a ana kukhala bwalo la milandu ya atsamunda, ndi kuti ana amadziŵa bwino lomwe chimene wofunsa akutanthauza. Mwina ambiri amadziŵadi. Koma taonani chimene tikuwaphunzitsa pamenepo: luso loŵerenga maganizo a wofunsa. Mwana wochenjera pa mipikisano amafika podziŵa kuti funso likamveka mwakuti, pepala limafuna chakuti, kaya nchoona kaya ai. Amene amagwa ndi uja waŵerenga kupitirira kabuku.

Ndi mmenenso zilili ndi mafunso okhala ndi mayankho aŵiri oona. Kodi tiyi adafika liti m'dziko muno? Mbewu zoyamba zidafikira ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878, koma kulima tiyi ngati malonda kudayambira kuno ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown, amene adalimapo khofi ku Ceylon, adabzala tiyi m'minda ya kuno. Wina akati 1878, wina 1891, wabodza ndani? Kodi mtsogoleri wa dziko lino pa 6 Julaye 1964 adali ndi udindo wanji? Ana ambiri amati pulezidenti, ndipo timapepala tina timavomera. Koma Dr. Hastings Kamuzu Banda pa tsikulo adali nduna yaikulu. Mutu wa dziko idali Mfumukazi Elizabeth, woimiridwa ndi Bwanamkubwa Sir Glyn Jones, ndipo upulezidenti udayamba pa 6 Julaye 1966. Ndaonaponso kapepala konena kuti John Chilembwe adayamba kuukira atsamunda pa 15 Januwale 1915. Wolembayo adasokoneza tsiku la tchuthi ndi tsiku la nkhondo: tchuthi chimakhaladi pa 15 Januwale, koma kuukirako kudayamba usiku wa pa 23 Januwale, ndipo Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale cha kuno kufupi ndi malire a Mozambique. Ngakhale funso limene lidatigwetsa lija lili ndi msampha wina, pakuti UNESCO ili ndi kaundula wachiŵiri wa miyambo, mmene muli Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa wa Alomwe. Wofunsa wosasamala mau akhoza kusakaniza akaundula aŵiriwo, mwana nkusoŵa kuti aŵerenge ziti.

Zonsezi nzokhudza kulondola. Chilungamo ndi nkhani inanso, ndipo pamenepa mpamene aphunzitsi anzanga ambiri, ngakhale amene adali kumbali ya wachikulire uja, adayamba kugwedeza mitu movomera. Funso likhoza kukhala loona m'mbali zonse koma losalungama. Pa mpikisano womwe uja, gulu lina lidafunsidwa likulu la Zambia, gulu lotsatira nkufunsidwa likulu la Burkina Faso, mapointi ofanana. Lusaka ndi Ouagadougou onse ndi malikulu, inde, koma wina adasenzetsedwa thumba la madeya, mnzake thumba la mchenga. Oŵeruza amati ndi mwayi wa maere. Mwayi ulipodi pa maseŵera alionse, koma wolemba mafunso akadakhala pansi nkuwasanja aŵiriaŵiri olemera mofanana, mbali ya mwayiyo ikadachepa.

Ndipo pali funso limene sindidalimvepo likufunsidwa poyera: nzeru zimene timati nza aliyensezi, mwini wake ndani? Mwana wa ku Muloza amene sadapondepo mu Limbe amafunsidwa mtundu wa nyale ya pakati pa maloboti a pamsewu. Amafunsidwa za maseŵera amene amaonetsedwa pa wailesi ya kanema yolipira, pamene kwawo kulibe magetsi. Mnzake wa m'tauni amayankha osaŵerenga nkomwe, chifukwa zinthuzo amaziona popita ku sukulu. Koma sindidamvepo mwana wa m'tauni akufunsidwa chifukwa chimene kalongonda amaphikidwa nthaŵi yaitali ndi kutayidwa madzi asadadyedwe, kapena kumene dzina la chiperoni lidachokera, mvula yamvumbi ija imene imatizizira m'miyezi ya Juni ndi Julaye, yotchedwa potengera phiri la Chiperone la ku Mozambique. Izinso ndi nzeru, ndipo ya kalongondayo munthu akaiphonya amadwala nayo. Sindikunena kuti tileke kufunsa za maiko akutali. Mwana wa ku Muloza ayenera kudziŵa Ouagadougou, ndipo mpikisano ndi umodzi wa makomo amene angadziŵire. Ndikungoti mtolo wa mafunso ukamapendekera mbali imodzi chaka chilichonse, chikho chimayamba kuyeza kumene mwana adabadwira.

Chilankhulo nachonso chimaika mwala wake pa sikelo. Ndidaonapo mwana akufunsidwa dzina la mtengo wa fuko lathu. Adaudziŵa, pakuti bambo ake adagwirapo ntchito yobzala mbande zake pamwamba pa phiri. Adati "mkungudza". Wofunsa adadikira dzina la Chingerezi, masekondi nkutha. Kodi tinkayesa kudziŵa mtengo, kapena kudziŵa Chingerezi? Ngati nchachiŵirichi, tinene poyera, ndipo palibe cholakwa, pakuti mayeso a boma amalembedwa m'Chingerezi ndipo ana ayenera kuchizoloŵera. Koma tisamutche mbuli mwana amene watchula mtengo wa kwawo ndi dzina la kwawo.

Pa mlungu wachiŵiri wa mtsutso wathu, wachikulire uja adabwera ndi maganizo amene ine sindidawaganizire, ndipo ndiyenera kuwapatsa ulemu wake. Adati vuto la madandaulo ndi phokoso, choncho dandaulo lisamanenedwe pakamwa. Sukulu iliyonse ipatsidwe mwayi umodzi wokha pa mpikisano wonse, mphunzitsi alembe pa kapepala, oŵeruza akaone pa nthaŵi yopuma, ndipo dandaulo likapezeka lopanda pake sukuluyo ichotseredwe pointi. Motero wolongolola adzaganiza kaŵiri, ndipo wolakwiridwa adzakhala ndi khomo. Adakanabe kuti chikho cha chaka chino chibwezedwe, ndipo pamenepo ndidagonja, chifukwa kulanda mnyamata uja chimene adachilandira pamaso pa makolo ake kukadakhala kukonza cholakwa ndi cholakwa chinzake. Tidalemba kalata limodzi kwa okonza mpikisano, iwo nasaina pamwamba, ine pansi.

Mtsikana uja ndidakamba naye monga ndidalonjezera, ngakhale lidali Lachinayi m'malo mwa Lolemba. Ndidamuuza kuti azinena choona, koma aziphunzira kuchinena ndi mchira wake: "Atatu, kuyambira chaka cha 2025." Wofunsa akamva chaka amayamba wakayika pepala lake asadagwire belu. Adandiyang'ana nati, "Nanga akalizabe?" Ndidati akalizabe ndiye kuti taluzanso, ndipo ine ndidzaimiriranso. Sadaoneke wokhutira kwenikweni, koma dzina lake adalembetsa pa gulu la chaka chamaŵa.

Okonza mpikisano adayankha kalata yathu m'njira imene sindidaiyembekezere: adandipempha kuti ndilembe mafunso makumi aŵiri a ulendo wotsatira. Ndatha madzulo atatu ndipo ndamaliza asanu ndi limodzi. La Sapitwa ndalilemba kanayi. Poyamba ndidati "pakati pa Africa", nkufufuta. Kenaka ndidati "kumwera kwa Africa", nkukumbukira kuti mapiri a ku Lesotho amapitirira mamita 3,400. Tsopano langotsala lakuti, "Tchulani nsonga yaitali koposa m'Malaŵi," ndipo wachikulire uja ataliona adati nlophweka kwambiri, loyenera ana a Sitandade 5, ndipo andibweretsera lina maŵa.